Chaka Chimene Feliya Analeka Kuthira Mchere

Feliya sanabadwire ku Chulu. Ngakhale lero, atakhalako mpaka kuona zidzukulu, akapsa mtima lilime limamuthawira kwawo ku Phalombe, ndipo anthu amangogwedeza mitu n'kumati, "Eya, wadzuka Mlomwe uja." Anabwera ku Kasungu ali kamtsikana, atakhala pamwamba pa mitolo m'lole yonyamula matenanti opita ku maesiteti a fodya. Bambo ake ankati alimako zaka zingapo, agule malata, abwerere kwawo. Malatawo sanagulidwe. Banjalo linangoyendayenda, esiteti ino chaka chino, ina chaka chamawa, mpaka bambo ndi mayi omwe anaikidwa m'manda a eni ake.

Chimene Feliya anatola m'moyo umenewo ndi luso la ndiwo. Tenanti amapatsidwa chimanga, tinyemba ndi mchere, zotsalazo azionera yekha. Ndiye mtsikanayo anaphunzira kuthyola chisoso, luni ndi bonongwe m'mphepete mwa minda ya fodya n'kuziphika mwakuti wodya ankaiwala kuti wadya zomera zokha. Sankalawa n'komwe. Ankangotapa mchere ndi nsonga za zala, kuwaza, kuvundikira, basi. Ndiwo zinkatuluka zitakolera ndendende.

Ndiwo zomwezo ndi zimene zinakola a Jeremiya Mwale. Iwowa anali mlimi wa m'mudzi, wa munda wawowawo, ndipo anapita ku esiteti kuja kukangobwereka jeke yodindira mabelo a fodya. Anawapatsa mpando, anawapatsa madzi osamba m'manja, anadya nkhwani wotendera. Jeke anaibweza pa nthawi yake, koma iwo sanasiye kubwera. Popeza Feliya analibe mudzi woti mkamwini akamangeko nyumba, anamutenga chitengwa n'kukakhala naye pakati pa abale awo ku Chulu.

Linali banja losekaseka. A Jeremiya anali munthu wa mawu aakulu, woimba besi m'kwaya ya mpingo, woseka mpaka nkhuku kuthawa pabwalo. Mowa sankamwa, akazi a eni sankawayang'ana. Machimo awo anali awiri okha: kandudu ka chingambwe, ndi mchere. Ndiwo zokolera kale ankaziwazanso asanalawe, chinthu chimene chinkamuwawa Feliya mumtima ngakhale anachizolowera. Chimanga chootcha, mchere. Mango osapsa, mchere. Matemba ouma, amchere kale aja, ankangowakukuta poyenda.

Ntchito ya fodya Feliya ankaidziwa kuyambira ku nazale mpaka ku belo, ndipo munda wa a Jeremiya unasintha nkhope iye atafika. Ana anabadwa, anakula, anapita kusukulu. Malata amene bambo ake anafa akuwalota, iye anadzagona pansi pake. Koma chimene chinamupatsa malo m'mudzimo si fodya ayi, ndi miphika. Pakagwa maliro kapena ukwati, amayi a Chigwirizano ankamusiyira ndiwo popanda kukambirana, ndipo anthu akamabalalika ankanena zambiri za nyemba zake kuposa za ulaliki.

Tsidya la bwalo kunkakhala a Elube, mlongo wawo wamkulu wa a Jeremiya, mayi wamasiye. Ndi amene analera a Jeremiya mayi awo atamwalira, ndipo ankawaonabe ngati kamwana kongoleka kuyamwa ngakhale imvi zinali zitayamba. Tisawanamizire, a Elube sanali munthu woipa. Feliya akadwala ankamusinjira, ana ake onse anawabereka kumbuyo. Koma mumtima mwawo munali kamalo kamene kankanenabe kuti mkazi wopanda mudzi ngofunika kumuyang'anitsitsa.

Kenaka zinafika zaka za makuponi. Amene analipo akukumbukira: feteleza wotsika mtengo, mizere ya anthu yosaoneka mathero, kukangana za mayina, kenaka chimanga chobiriwira mpaka kuda ndi nkhokwe zodzaza mpaka kumanga zina. Anthu amene njala ya zaka zam'mbuyomo inawasiya nthiti zili pamtunda anayamba kuwala nkhope. A Jeremiya ndiye anaposa onse. Mimba inatuluka, masaya anadzaza, miyendo inakula mwakuti nsapato za kutchalitchi zinakana.

"Aa, a Mwale! Sabuside wakuyanjani!" ankatero anthu akakumana nawo m'njira.

"Si sabuside yekha," ankayankha akusisita mimba. "Kukwatira bwino."

Feliya akamva zimenezo ankayenda ngati sakuponda pansi. Kunenepa kwa mwamuna ankakuona kuti ndi ulemu wake, ndipo ulemuwo anaulandira ndi manja awiri. Sanadzifunse kuti munthu akunenepa bwanji pamene chakudya akuchisiyira pakati. Anayamba kuda nkhawa besi itayamba kuthera panjira, ndime ya nyimbo isanathe. Kenaka kunabwera chifuwa chosamva mankhwala. Kenaka kugona chagada kunakanika, ankagona chokhala atatsamira khoma. Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, akuthirira nazale ya fodya kudambo, anatula makeni, anakhala pansi, n'kulephera kudzuka. Anawanyamula pangolo kukafika kumsewu, pamenepo galimoto ya matola inawatengera kuchipatala cha ku boma.

Kumeneko Feliya anachita manyazi amene sanawaiwale. Adokotala anati mtima wa a Jeremiya wafooka, sukupopa magazi mokwanira, ndipo kunenepa konse kumene mudzi unkakuombera m'manja kunali madzi okhaokha, odzaza m'miyendo, m'mimba, mpaka m'mapapo. Anawapatsa mankhwala okodzetsa. Posakhalitsa bwana wa sabuside uja anaphwa, kunatsala munthu wowonda wa maso aakulu, koma wopuma bwino ndi woyambiranso nthabwala zake.

Tsiku lotuluka, nesi wina dzina lake Olive anawakhazika onse awiri pabenchi pakhonde la wodi. Anali mayi wamfupi, wolankhula mosathamanga, Chichewa chake chopendekera ku Chitumbuka.

"Matenda awa sachira ngati malungo," anatero. "Mukhala nawo. Koma mukawasamala, mukhala nawo zaka zambiri. Ife kuno timangothandiza, chipatala chenicheni ndi kunyumba kwanu. Amaphika ndani?"

"Ndine," anayankha Feliya.

"Ndiye tcherani khutu kuposa eni akewa."

Anawauza zonse, mobwereza mpaka zitalowa. Mapiritsi amwe tsiku lililonse, ngakhale atamva kuti ali bwino, chifukwa m'pamene ambiri amasiyira. Asanathe, abwere adzatenge ena. Fodya alime, koma asasute. Ayende, agwire tintchito, koma akamva phuma akhale pansi, ndipo zolemera anyamule ena. Pogona mutu ukhale pamwamba. Kenaka nesiyo anawerama, anapinda buluku la a Jeremiya n'kudinikiza chala pamwendo, pamwamba pa kakolo.

"M'mawa uliwonse muzitere. Chala chikasiya dzenje losabwerera msanga, madzi ayambanso. Akayamba kubanika pogona, musati tidikire tigulitse kaye fodya. Bwerani."

Zonsezi a Jeremiya ankangovomera ndi mutu. Zinavuta pamene nesi anafika pa mchere.

"Mchere umasunga madzi m'thupi, ndiye mtima wofooka umalemedwa. M'ndiwo zawo musathire. Soda wa m'therere ayi. Matemba amchere aja ayi."

"Pepani anesi," anatero a Jeremiya, "ngakhale kochepa chabe? Kongopereka moni?"

"Ena timawalola kochepa. Inu ayi, bambo. Ndakuonani m'wodimu mukupemphetsa mchere bedi ndi bedi."

"Nanga munthu n'kudya bwanji masamba opanda mchere? Ndasanduka mbuzi?"

"Mbuzi sizibwera kuno zitatupa," anayankha nesi, osaseka n'komwe.

Feliya anatenga mawu amenewa monga ankatengera chilichonse, ndi mtima wonse, osayang'ana kumbali. Ana anali atachoka onse, Vailet, mwana woyamba, atakwatiwa ku Njombwa, enawo ali m'tauni. M'nyumba anatsala awiri ndi mphika umodzi. Kuphika pawiri kunali kudzivuta, komanso dzanja la a Jeremiya ankalidziwa kuti silichedwa kusochera m'mbale ya mnzawo. Anaganiza zoti nayenso aleke. Atangofika kumudzi anatenga chitini cha mchere, anadutsa nacho pabwalo masana dzuwa likuswa mtengo, n'kukachipereka kwa a Elube.

"Landirani, alamu. Ine mchere sindithiranso."

A Elube anachilandira. Anayang'ana chitini, anayang'ana Feliya, nthawi yaitali ndithu. Feliya anayesa kuti akusowa mawu othokozera.

Apa m'pamene analakwitsa, ndipo cholakwa chake n'choti mlendo sangachione. Kuno mchere si chinthu wamba m'manja mwa mkazi. Mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, amapempha wina amuthirire. Mkazi amene wayenda ndi mwamuna wina nayenso sathira, poopa kudula a m'nyumba mwake, ndiye kuti kuwadwalitsa matenda aja amati mdulo. Nanga wodulidwa amaoneka bwanji? Amatupa miyendo ndi masaya, amatsokomola, pachifuwa pamamuwawa. Abusa amalalikira kuti zimenezi kulibe, anthu amayankha kuti ameni, koma akafika kunyumba amachenjerabe. Feliya ankazidziwa zonsezi. Kungoti mutu wake unali utadzaza mawu a nesi, mwambo unasowa pokhala.

Miyezi yoyamba inayenda bwino. Feliya anayamba kuphunzira kuphika kachiwiri. Anachulukitsa anyezi ndi matimati, anayamba kukazinga mtedza asanausinje, anafinyira ndimu m'nyemba, anadzala adyo kuseri kwa bafa. A Jeremiya ankatafuna akuyang'ana kudenga. "Mayi a Vailet," ankatero, "ndiwozi n'zabwino, koma zili ngati nyimbo yopanda besi." Komabe mbale ankaibweza yoyera. Chingambwe anasiya osadandaula, zimene zinadabwitsa aliyense. Mapiritsi okodzetsa aja ndiwo anawasandutsa choseketsa cha dera lonse tsiku logula feteleza. Ankati akaima pamzere pang'ono, athamangira kutchire, kusiya chipewa pansi kuti chiwasungire malo, mpaka anthu anayamba kuchisuntha okha chipewacho mzere ukamayenda. Koma miyendo inali yowonda, mpweya unabwerera, ndipo pa Khirisimasi besi inamveka mpaka kumapeto kwa nyimbo.

Pamene Feliya ankakondwa, mudzi unkaphatikiza zake. Mwamuna anatupa. Mkazi waleka mchere. Wauchotsa m'nyumba ndithu, wanena ndi pakamwa pake. Kodi alipo mkazi wokhala kumwezi kuyambira mvula isanagwe mpaka chimanga kubereka?

Feliya anazidziwira pamaliro. Atangofika pamphika wa nyemba monga mwa masiku onse, mayi wina anamulanda chipande mwaulemu. "Inu mwatopa ndi odwala. Kathandizeni kutunga madzi." Feliya anapita kumjigo akudabwa, ndipo kumeneko mnzake wina anamunong'oneza zonse pomutwika ndowa. Ngakhale chibwenzi anali atamupezera kale: wogulitsa nsomba wa panjinga uja amadutsa Lachisanu, wa dzino limodzi.

Feliya anaseka mpaka madzi kutayika. Pa amuna onse a m'Kasungu muno, amusankhire ameneyo! Koma pobwerera chiseko chinamuthera. Mkazi wa pamudzi pake akanenedwa, abale ake amamuikira kumbuyo. Mtengwa akanenedwa za chigololo amabwezedwa kwawo. Iye kwawo kunali kuti? Ku Phalombe sanasiyeko ngakhale mtengo wa mango woti n'kuuloza. Anachita mantha, mantha enieni, omwe aja ankachita ali mwana bwana wa esiteti akanena kuti chaka chamawa musakhale pano.

Atawauza a Jeremiya, iwo anaseka kwambiri, mopitirira muyeso. "Asiyeni alankhule, atopa okha." Koma maso sanamuyang'ane.

Masiku omwewo chala chinayamba kusiya dzenje. Feliya ankadinikiza m'mawa, dzenje n'kukhala pomwepo osabwerera. Mapiritsi ankawapatsa yekha m'manja. Mumphika mchere munalibe. Nanga madziwo akuchokera kuti? Yankho silinali patali, linali tsidya la bwalo. Masana aliwonse a Jeremiya ankasiya kusoka fodya n'kunena kuti akukaona ngati achemwali adzuka bwino. Ankabwerako akumwa madzi ngati ng'ombe, chakudya n'kungochitsina, zala zikununkha matemba.

"Bambo a Vailet, nunkhizani dzanja lanu," anatero Feliya tsiku lina.

"Ndinangolawa. Nanga munthu n'kukana chakudya cha achemwali?"

"Mudzafa ndi kulawa kumeneko."

Analumbira kuti asiya, ndipo anasiyadi mpaka mawa lake masana. Feliya anayesa kupita kwa a Elube, anagwada pakhonde, anayamba kufotokoza zimene nesi ananena. Sanapite nazo patali.

"Inu mwakana kumuthirira, zifukwa mukuzidziwa nokha," anatero a Elube. "Tsopano mukufuna ndi ine ndimumane? Mwana wa mayi anga sangafe ndi njala ine ndili moyo."

Ndipo poona mlongo wawo akutupabe ngakhale iwo akumudyetsa bwino chotere, a Elube anatsimikiza kuti zimene anthu akunena n'zoona.

Mlandu unakhala m'mwezi wa Marichi, m'mawa, m'chigafa cha a Jeremiya, fodya wosoka ali lendelende pamwamba pa mitu. A Elube ndiwo anaitana a Yobu, malume awo, nkhoswe ya banjali komanso mkulu wa mpingo. Kumbali ya Feliya kunalibe munthu. Mkulu amene anamuimira paukwati anali tenanti mnzawo wa bambo ake, ndipo anabwerera kwawo kalekale. Amayi angapo a m'mudzi anakumbukira mwadzidzidzi kuti tsiku limenelo m'pofunika kudzathandiza kusoka fodya. Panja pamafuwa, nkhuku imene anamuuza Feliya kuti aphe inali kuwira, yopanda mchere.

A Yobu anayamba ndi pemphero, kenaka anazungulira ndithu, za mvula, za mitengo ya kuokushoni, asanafike pankhani.

"Mayi a Vailet, ife ndife Akhristu. Za mdulo sitikhulupirira." Anatsokomola. "Komabe anthu akulankhula, ndipo mwana wathuyu akutupa. Njira yotsekera anthu pakamwa ndi yapafupi. Thirani mchere m'nkhukumo ndi dzanja lanu, tonse tikuona, amuna anu adye. Kuyambira lero muzithira monga achitira mkazi aliyense wopanda chobisa. Mukatero nkhani yatha."

"Akakana, tidziwa," anawonjezera a Elube, n'kuika mchere pamphasa.

Feliya anayang'ana amuna ake. Munthu wamkulu, woimba besi, anali atazyolika akutokosa pansi ndi kamtengo. Ndipo, Mulungu awakhululukire, mphuno yawo inali italoza kumene kunkachokera fungo la nkhuku.

Anaganiza msanga. Akamathira tsiku ndi tsiku, munthuyu adzatupa koposa, adzakweranso ngolo ija, mwina ulendo uno osabwerako. Ndipo akadzatupa, anthu omwewa adzati si uyo wamudula. Akakana, wadziweruza yekha. Uku ndi uku dzina lake linali litapita. Chimene akanatha kupulumutsa chinatsala chimodzi chokha. Anagwada bwino, anakonza chitenje.

"Bambo, ndamva. Ine mwamuna wina sindimudziwa, Mulungu ndi mboni. Koma mchere m'mbale ya bambo a Vailet sindithira, lero ngakhale mawa. Ngati chilango chake n'kuchoka, ndichoka. Vailet sangandikanize khonde."

Singano za amayi osoka fodya zinaima. A Yobu anatsegula pakamwa, koma Feliya anali asanathe.

"Chimodzi chokha ndipemphe. Ine ndikachoka, owasamala ndinu, alamu. Ndiye sunthirani kuno ndikuuzeni, chifukwa munthuyu ngovuta kusunga."

A Elube sanayembekezere zimenezi. Anakonzekera misozi, kulumbira, mwina kutukwana kwa Chilomwe. Anangopezeka asunthira pafupi.

"Mapiritsi ali pawindo," anayamba Feliya, mawu ali phee. "Kakang'ono koyera nka m'mawa. Musawapatse madzulo, angachezere kutuluka panja. Muziwapatsa m'manja n'kuona kuti ameza, chifukwa akamva bwino amati achira. Akatsala ochepa musadikire kuti athe. Pogona pilo limodzi silikwana, ndinasoka lina la makoko a chimanga. Thumba la feteleza asanyamule, ngakhale atakuuzani kuti ndi lopepuka. Mabelo adinde ena, iwo azisankha fodya atakhala pansi. Nyemba muzifinyira ndimu zitapsa, osati zili pamoto. Mtedza muziyamba mwaukazinga. Akadandaula kuti sizikukoma musamve chisoni, amadya ndithu." Anatambasula dzanja. "Bweretsani chala."

Anagwira chala cha a Elube, anachidinikiza pamwendo wa a Jeremiya, n'kuchichotsa. Panatsala dzenje loti n'kuikamo nyemba.

"Mukaona chonchi, madzi abwerera. Awa afunika kupita kuchipatala mawa lomwe, kaya ine ndilipo kaya ndachoka."

A Elube anali chiyang'anire dzenje lija. Kenaka a Jeremiya anataya kamtengo kaja.

"Amalume, ndilankhuleko. Achemwali, pa Khirisimasi ndinaimba kapena sindinaimbe?"

"Munaimba, achimwene."

"Nsapato ndinavala?"

"Munavala."

"Nthawi imeneyo ndinkadya za mayi a Vailet zokha. Nanga kwanu ndinayamba liti kubwera masana?"

A Elube anawerenga ndi zala. "Chaka chitangoyamba."

"Kutupa kunayambiranso liti?"

A Elube anayang'ananso mwendo wotupa uja.

"Wondidula ndine ndekha, ndi matemba," anatero a Jeremiya. "Mkazi uyu ankandiletsa, ine ndinkathawira kwa inu podziwa kuti simungandimane. Anthu akumunena zoipa, ine ndinali chete poopa kuti ndikalankhula matemba atha." Anapukuta nkhope ndi chipewa. "Akachoka, ine ndinyamula mapilo anga ndimutsatire. Tikapanikizana pakhonde pa Vailet pomwepo."

Mayi wina anaphulika chiseko n'kudzitseka pakamwa ndi tsamba la fodya. A Elube sanaseke. Anaimirira, ndipo ulemu wonse wa "achimwene" unathera pomwepo.

"Iwe Jeremiya! Iwe! Unkabwera kwa ine nkhope ili yachisoni, umvekere, 'Achemwali, kwathu ndikufa ndi njala.' Ine kumaimika wansomba Lachisanu lililonse, kumati ndikupulumutsa mwana wa mayi anga, osadziwa kuti ndikukupha ndi manja angawa! Ndinakubereka kumbuyo ine kuti udzandisandutse mfiti?" Anawalanda chipewa n'kuyamba kuwamenya nacho paphewa. A Yobu anayang'ana kumwamba, anagwira tsamba limodzi, n'kunena kuti fodyayu akuuma bwino chaka chino.

Atatopa, a Elube anakhala pansi akupuma mofulumira. Sanamuyang'ane Feliya. Kupepesa sikunali m'chibadwa chawo, ndipo aliyense m'chigafamo ankadziwa zimenezo. Anakhala nthawi ndithu akupotokola nsonga ya chitenje.

"Mlamu," anatero potsiriza, mawu ali okalipabe, "patulani nyama ya chitsiru ichi, muifinyire ndimu wakeyo. Yotsalayo thirani mchere. Ine ndili ndi njala."

Feliya anapita pamafuwa. Anapatula ntchafu ndi nthutumba, anaziika pambali. Anatapa mchere, koma maso sankaona bwino ndi misozi, ndipo patapita miyezi yonseyi zala zinali zitaiwala muyeso. Anawaza, anakayika, anawazanso.

Nkhuku ija inawawa mchere mwakuti a Yobu atangoluma anafunafuna chikho cha madzi. Amayi osoka fodya anatsinatsina n'kuthokoza msanga. A Jeremiya okha, pambali ndi mbale yawo ya ndimu, ndiwo ankadya mokondwa. Koma a Elube anakhala pakati pa mphasa, pamene aliyense akanatha kuwaona, n'kumadya nthuli ndi nthuli, misozi ikuyenderera m'masaya, osamwa madzi. Atamaliza anamwa ndi msuzi womwe, n'kutambasulira mbale kwa Feliya.

"Onjezerani," anatero.